Mpeni, Mgaiwa ndi Pensulo: Zida za Woyamba Ntchito ya Taxidermy

Mawu akuti taxidermy alibe mnzake m'Chichewa. Adachokera ku mawu awiri a Chigiriki: taxis, kutanthauza kuika zinthu m'malo mwake, ndi derma, kutanthauza khungu. Tikafuna kuwamasulira timakakamizika kunena chiganizo chathunthu: luso losenda chikopa cha nyama kapena mbalame yakufa, kuchiteteza kuti chisaole, ndi kuchiveka pa thupi lochita kupanga kuti nyamayo ioneke ngati ili moyo. Aliyense amene adaonapo mutu wa nyati utapachikidwa pakhoma m'malo ogona alendo, kapena mbalame itaima duu m'bokosi lagalasi m'nyumba yosungira zinthu zakale, adaona kale zipatso za lusoli ngakhale dzina lake sadalimvepo.

Munthu amene chidwi chamugwira, akatsegula intaneti kuti aone poyambira, amakumana ndi mindandanda ya katundu wa m'masitolo a ku America ndi ku South Africa: makina opalira zikopa, timfuti topoperera utoto, matupi a nyama oumbiratu ku fakitale, maso agalasi a mtundu uliwonse. Mitengo yake ili m'madola ndi m'marandi. Mnyamata wa ku Ntcheu kapena mtsikana wa ku Mzimba akaona zimenezi amangotseka foni n'kunena kuti izi n'za azungu. Maganizo anga ndi akuti mindandanda imeneyi imasokeretsa. Zida zoyambira ntchitoyi n'zochepa, zambiri zili kale m'nyumba ndi m'misika yathu, ndipo chida chachikulu pa zonse, chimene ogulitsa sachitchula chifukwa sichiwapindulira, ndi pensulo pamodzi ndi kope. Ichi n'chifukwa chake wophunzira za zinenero ngati ine walowerera nkhani ya nyama zakufa.

Ife Amalawi si alendo pa zikopa. Osema ng'oma amadziwa kusenda, kupala ndi kukunga. Angoni amavala zikopa povina ingoma. Kumudzi mbuzi ikaphedwa, chikopa chake amachikhomerera pansi ndi zikhomo kuti chiume padzuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti wosema ng'oma amafuna chikopa cholimba chokhachokha, za makutu ndi milomo alibe nazo ntchito, pamene wa taxidermy amafuna zonse: zikope za maso, milomo, zikhadabo, ngakhale ndevu za mbewa. Akataya chimodzi mwa izi, nyamayo sidzaonekanso nyama.

Tsono tiyambe ndi chodulira. Mpeni wophera mbuzi ukhale kukhitchini komweko. Chofunika ndi kampeni kamene madokotala amachitira opaleshoni, kotchedwa scalpel, kamene kamapezeka m'masitolo ogulitsa mankhwala ndi zipangizo za chipatala. Ubwino wake ndi woti kakabuntha umangochotsa kutsogoloko n'kuikako kwina. Amene sangakapeze atenge lezala latsopano, akulunge mbali imodzi ndi tepi kuti asadziteme, ndipo adzasenda nalo mbewa bwinobwino. Chodabwitsa n'chakuti mpeniwo sugwira ntchito nthawi yaitali. Umang'amba kamodzi, kuchokera pachifuwa kutsikira kumchira, mosamala kuti usaboole mimba, kenako ntchito yambiri imagwiridwa ndi zala ndi chogwirira cha mpeni chosathwa chija, kukankha chikopa pang'onopang'ono kuti chilekane ndi mnofu. Chikopa cha mbalame yaing'ono chili ngati pepala lonyowa. Wochikoka ngati akusenda nkhuku yandiwo adzatsala ndi nsanza m'manja.

Pambali pa mpeni pakhale sizasi yaing'ono yosongoka, yodulira mfundo za miyendo, za mapiko ndi tsinde la mchira, komanso kachitsulo kopanira konga kamene atsikana amazulira nsidze, kotolera timinofu m'malo mosafika chala. Pakhalenso thonje. Musanayambe kusenda mbalame, mumatseka kukhosi kwake ndi thonje kuti madzi a m'kati asatuluke n'kudetsa nthenga.

Chida china ndimachikonda chifukwa chimatsitsa ulemerero wa mindandanda ija. Akatswiri a m'nyumba zazikulu zosungira mbalame ku America, posenda, amawaza ufa wa chimanga wosasefa kapena utuchi pamnofu kuti uzimwa magazi ndi mafuta, nthenga zisamatirire. Iwo amati cornmeal. Kuno ndi mgaiwa womwewu umene timadandaula nawo ku sukulu zogonera konko.

Chikopa chikachoka, nkhondo yeniyeni imayamba, ndipo mdani woyamba ndi mafuta. Mafuta otsalira amaola, amanunkha, ndipo pakapita miyezi amatulukira kunja n'kusandutsa nthenga zoyera kukhala zachikasu. Bakha ali ndi mafuta ochuluka kotero kuti woyamba kumene asamuyandikire. Popala mafuta, sipuni yaing'ono kapena mpeni wobuntha zimakwanira. Kenako chikopa chimatsukidwa ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, n'kuumitsidwa ndi kamakina koumitsira tsitsi ka ku saluni mpaka nthenga zifutukukenso. Mswachi wotha ntchito ndiwo chipeso chake.

Za mankhwala otetezera chikopa pali kusokonezeka kumene ndikufuna kukuwongola. Mchere umakoka madzi ndi kuletsa kuola, koma kuthira mchere si kufufuta. Chikopa chochindikala, monga cha mbuzi kapena gwape, chimafunika kufufutidwa ndi mankhwala ena monga alum, ndipo imeneyo ndi ntchito ya masiku ambiri imene woyamba sayenera kuyambirapo. Pa mbalame ndi tinyama ting'onoting'ono, ufa woyera wotchedwa borax umakwanira: mumaupaka m'kati monse mwa chikopa, makamaka m'mutu, m'mapiko ndi patsinde la mchira. Borax amaumitsa ndipo tizilombo sitimukonda.

Kale sizidali chomwechi. M'zaka za m'ma 1740, Jean-Baptiste Bécoeur, wogulitsa mankhwala wa mumzinda wa Metz ku France, adapanga sopo wosakaniza ndi arsenic, poizoni woopsa. Adabisa kapangidwe kake mpaka adamwalira mu 1777, ndipo chinsinsicho chitaululika, nyumba zosungira zinthu zakale za m'maiko ambiri zidagwiritsa ntchito arsenic mpaka m'zaka za m'ma 1970, zina kupitirira pamenepo. Poizoniyu ndiye adachititsa kuti mbalame zosendedwa zaka 200 zapitazo zikhalepobe lero. Komatu iye yemweyo ndiye chifukwa chake simuyenera kusisita ndi manja mutu wa nyama wakalekale umene mwaupeza m'nyumba ya atsamunda. Woyamba ntchitoyi asafunefune arsenic ngakhale atawerenga za iye m'mabuku akale.

Tizilombo timene Bécoeur ankalimbana nato si tachilendo kwa ife. Wogulitsa usipa kapena matemba ouma aliyense amadziwa tizilombo takuda, ndi mphutsi zake zaubweya, timene timafumbwitsa nsomba m'matumba. Asayansi amatitchula Dermestes. Timakonda mnofu wouma kwambiri moti nyumba zosungira mafupa a nyama zimatiweta dala kuti tizitsuka mafupawo. Tikalowa m'chikopa chosapalidwa bwino, kunja nyama imaoneka yokongola ndithu, koma tsiku lina mudzangoona kafumbi pansi pake ndipo mukaigwira nthenga zidzayoyoka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mdani wina, amene mabuku olembedwa ku Ulaya samutenga mwamphamvu monga tiyenera kuchitira ife, ndi kutentha. M'mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kanyama kakang'ono kamayamba kuonongeka pa maola ochepa chabe. Tizilombo tosaoneka ndi maso timadya mizu ya ubweya, ndipo mukamasenda ubweya umangosala m'manja. Zikafika apa palibe mankhwala obwezera. N'chifukwa chake chida chokhacho chodula chimene ndingachivomereze ndi firiji youmitsa gwa. Nyama imakulungidwa m'pepala lapulasitiki, n'kusungidwa kutali ndi chakudya, ndipo kuzizirako kukapitirira sabata imodzi kapena ziwiri kumaphanso nthata ndi utitiri. Ndikudziwa kuti ambiri firiji alibe, ndipo amene ali nayo amadziwa za kuthimathima kwa magetsi. Lamulo lake n'lapafupi: amene alibe poumitsa asatole nyama imene sangathe kuisenda tsiku lomwelo, ndipo asende m'mawa kusanatenthe.

Zopangira thupi latsopano sindichedwapo, chifukwa n'zopezeka ponseponse. Mnofu umene mwachotsa uja musautaye msanga. Uikeni patsogolo panu, mutenge khonje kapena thonje, mukulunge ndi ulusi molimba mpaka mupange thupi lofanana nawo msinkhu ndi maonekedwe. Waya wosachita dzimbiri amalowa m'miyendo, m'mapiko ndi m'khosi, ndipo pulayasi wa amakanika ndiye amadula ndi kupinda. Dongo pang'ono limadzaza mabowo a maso. Pa mbewa ndi timbalame ta maso akuda, mikanda yakuda ya pamsika imalowa m'malo mwa maso agalasi ochokera kunja. Singano ndi ulusi zimatseka pong'amba paja, ndipo mapini ndi timakatoni zimagwira nthenga m'malo mwake kwa masabata angapo mpaka chikopa chiume. Vuto la oyamba ambiri ndi kudzaza mopitirira, mbewa n'kutupa ngati chitumbuwa. Vuto lina ndi maso. Diso limodzi likangopendekeka pang'ono, nyama yonse imaoneka yoledzera, ndipo palibe chida chogula chimene chingakonze zimenezi koposa kudekha.

Tsopano ndifike pa pensulo.

M'nyumba yachifumu ya Gripsholm ku Sweden muli mkango umene anthu amauseka padziko lonse. Udaperekedwa wamoyo kwa mfumu Frederick I mu 1731, ndipo utafa, chikopa ndi mafupa ake zidapita kwa mmisiri amene, monga nkhani imanenera, adali asanaonepo mkango. Chimene adapanga chili ndi lilime lolendewera, mano ofanana ngati a munthu ndi maso oyandikana ngati a chidole. Mmisiriyo mpeni adali nawo, singano adali nayo. Chimene adalibe ndi chithunzi ndi miyeso ya nyama yamoyo. Mikango iwiri ya ku Tsavo ku Kenya, imene idadya anthu omanga njanji mu 1898, nayonso ili ndi phunziro lake. John Henry Patterson ataipha, zikopa zake adaziyala pansi ngati mphasa kwa zaka pafupifupi 25, n'kudzazigulitsa ku Field Museum ya ku Chicago mu 1924 pa mtengo wa madola 5,000. Zikopazo zidali zitadulidwa m'mbali, motero mikango imene alendo amaiona lero ndi yaing'ono kuposa momwe idalili.

Munthu amene adasintha ntchitoyi, Carl Akeley wa ku America, amene adabadwa mu 1864 n'kumwalira ku Congo mu 1926, sadaisinthe ndi mpeni watsopano. Iye ankayeza nyama, kuijambula, kuphunzira mmene minofu imayendera, kenako n'kuumba thupi lonse ndi dongo pamwamba pa mafupa, n'kupanga chikombole chotulutsira thupi lopepuka loti aveke chikopa. Njovu ndi anyani aakulu a m'chipinda chotchedwa dzina lake ku American Museum of Natural History ku New York zimaoneka zamoyo chifukwa ntchito idayambira pa kuyang'ana ndi kulemba.

Choncho mpeni usanakhudze chikopa, woyamba atenge rula ndi sikelo yaing'ono. Pa kanyama ka ubweya ayeze kutalika kwa thupi lonse, kwa mchira, kwa phazi lakumbuyo ndi kwa khutu, komanso kulemera kwake. Pa mbalame alembe mtundu wa diso, wa mlomo ndi wa miyendo nthawi yomweyo, chifukwa mitundu imeneyi imazilala mbalame ikafa, ndipo pofika mawa mudzakhala mukungoganizira. Foni ijambule mbali zonse. Ndipo zolembazo zikhale za pensulo, chifukwa inki imasungunuka ikakumana ndi chinyezi cha m'firiji pomwe pensulo imakhalabe.

Pa zolemba zonsezi, chofunika koposa ndi kapepala komangirira kumwendo, kolembapo malo, tsiku ndi dzina la wotola. Mbalame yokonzedwa mokongola koma yopanda kapepalaka ndi chokongoletsera m'nyumba basi. Mbalame yokonzedwa mwachisawawa koma yokhala nako ndi umboni. Mu 2017, Shane DuBay ndi Carl Fuldner a ku University of Chicago adafalitsa kafukufuku wa zikopa za mbalame zoposa 1,300 zimene zidatoledwa pa zaka 135. Adayeza kuda kwa nthenga za pachifuwa, n'kuonetsa mmene mwaye wa malasha udachulukira ndi kuchepera mumlengalenga wa mizinda ya mafakitale ku America. Amene ankasenda mbalamezo m'zaka za m'ma 1900 sadalotepo za kafukufuku wotere. Adangolemba malo ndi tsiku.

Pa kapepala kameneka ndikufuna kuwonjezerapo mzere umodzi umene akale aja kawirikawiri ankausiya: dzina la nyamayo m'chinenero cha anthu a pamalopo. Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zachilengedwe amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, adakwera phiri la Mulanje n'kutola zomera ndi nyama zimene zidatumizidwa ku London. Lero mkungudza wa ku Mulanje asayansi amautchula Widdringtonia whytei, ndipo pali mbalame imene m'mabuku a Chingerezi imatchedwa Whyte's barbet. Sindikumuchitira nsanje mkuluyu, ntchito adaigwira. Koma alendo otere sankayenda okha m'nkhalango. Padali alenje owalondolera, otchera misampha ndi onyamula katundu, anthu amene zamoyozo ankazidziwa ndi maina kalekale. Maina a anthuwo, ndi maina amene iwo ankatchulira nyamazo, si kawirikawiri kuwapeza pa timapepala tija.

Ndipo mainawo akutha tikuona. Kumudzi mlenje wa mbewa sanena kuti mbewa basi. Amasiyanitsa kapuku, phanya, mende ndi zina, amadziwa kuti sakhwi, fuko ndi bwampini ndi nyama zosiyanasiyana, ndipo amadziwa una wa iliyonse. Mwana wokulira ku Ndirande kapena ku Kawale amadziwa mawu awiri, khoswe ndi mbewa. Brian Morris, m'buku lake lotchedwa The Power of Animals la mu 1998, adasonkhanitsa ambiri mwa maina a nyama amenewa, ndipo tiyenera kumuthokoza. Komabe dzina la m'buku, lopanda nyama yake pambali, limavuta kulitsimikiza, makamaka poti dzina limodzi likhoza kutanthauza nyama ina ku Dedza ndi ina ku Thyolo, osanenanso za Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe ndi Chisena. Buku la mbalame za m'Malawi limene Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett adatulutsa mu 2006 lili ndi mitundu pafupifupi 650. Ndi angati a ife amene tingatchule mbalame makumi atatu m'chinenero chathu? Chikopa chokhala ndi kapepala konena kuti agogo a m'mudzi wakuti adachitchula chakuti, m'chinenero chakuti, chimamangirira mawu ku chinthu chogwirika. Wolemba mtanthauziramawu wa mawa sadzafunikira kungokhulupirira. Adzatsegula bokosi n'kuona yekha.

Pali zotsutsa, ndipo sindizipeputsa. Choyamba n'chakuti lusoli likhoza kulimbikitsa kupha nyama m'dziko limene nyama zatha kale m'malo ambiri. Mantha amenewa ndi oona, ndipo n'chifukwa chake ndikuti woyamba aphunzirire pa zimene zafa kale kapena zikanaphedwa ndithu: zinziri ya pakhola, nkhanga yoweta, khoswe wa mumsampha, mbewa yaiwisi yogula kwa anyamata okumba asanaifutse. Nkhunda ndi njiwa zimaoneka zapafupi, koma nthenga zake zimathothoka msanga ndipo zimagwetsa ulesi woyamba. Pa nyama zakutchire pali lamulo. Lamulo la malo osungira nyama ndi nyama zakutchire, limene lidakonzedwanso mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka. Kunena kuti ndidangoitola itafa kale si chitetezo chodalirika pamaso pa woweruza. Musanasunge chikopa cha nyama kapena mbalame yakutchire iliyonse, pitani ku ofesi ya nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire mukafunse za chilolezo. Chikalata chimenecho chikhale m'bokosi la zida limodzi ndi mpeni.

Chachiwiri ndi matenda. Nyama yopezeka itafa siinena chimene chaipha. Chiwewe chilipo m'dziko muno, ndipo mu 2018 mvuu zambiri zidafa ndi matenda a anthrax ku Liwonde, matenda amene amalowa mwa munthu kudzera pa chikopa chomwecho. Magolovesi, chotchinga pamphuno ndi pakamwa, ndi madzi othira jiki otsukira zida ndi tebulo si zinthu zosankha. Galu, mphaka, mleme kapena chiweto chimene chafa mosadziwika bwino musachikhudze n'komwe.

Chachitatu mabuku a kunja sachitchula, koma aliyense wa ife amachidziwa. Munthu wosunga mbalame zakufa m'chipinda, woumba timatupi ndi ulusi ndi kubaya mapini, anthu amunena chiyani? Ikakhala kadzidzi ndiye nkhani yatha. M'dziko muno anthu avulazidwapo, ena kuphedwa kumene, chifukwa chongoganiziridwa ufiti, ndipo sindingalangize munthu kuti aseke mantha a anansi ake. Chimene ndingalangize n'chakuti ntchitoyi isagwiridwe mobisa. Dziwitsani akuluakulu a pakhomo, ndipo ngati ndi kumudzi afumu amve kuchokera kwa inu, osati kwa ena. Tebulo liikeni pakhonde masana, kope lili lotsegula, rula ili poyera. Ana adzabwera okha kudzaonerera, ndipo posakhalitsa adzayamba kukangana: wina adzati ameneyu ndi kapuku, wina adzati ayi, kwa agogo ake amamutchula dzina lina. Lembani maina onse awiri, ndi mudzi umene lililonse lachokera.